Mutu 7: Nkhope Inali Pakati

1. Bwanji iwe?

Mwezi wa Juni chaka cha 1978 kunazizira moti ng'ombe zinkakana kutuluka m'khola. Nkhungu inkatsika m'mapiri a Chongoni n'kukhala m'midzi mpaka dzuwa litakwera. Anthu ankayenda m'nkhungumo akuyankhula motsitsa mawu, popeza sunkadziwa amene ali kumbuyo kwako. Nkhunguyo ilipobe mpaka lero. Anthu ake ndiwo ambiri kulibe.

Elena anali ndi zaka khumi ndi zinayi. Anali mu Sitandade 8 pa sukulu ya mishoni ya Mtanthira, ndipo kunali kutatsala milungu itatu kuti alembe mayeso opitira ku sekondale. M'kaundula wa sukulu dzina lake linali Elena Yeremiya. Koma a Yeremiya sanali bambo ake. Anali malume ake.

Bambo ake enieni, a Anselmo, anali mphunzitsi pa sukulu yomweyo. Landirova inadzawatenga mu 1965, m'kalasi, choko chili m'manja. Akuti anali chigawenga. Nthawi imeneyo Elena anali wakumsana. Mlungu womwewo amayi ake, a Magadalena Nambewe, anatentha zithunzi zonse, makalata onse, ndi chipewa chomwe. Kuyambira pamenepo dzina la a Anselmo silinamvekenso, kaya m'nyumba kaya m'tchalitchi. Elena anakula osadziwa kuti bambo ake anali ndi nkhope yotani.

Lachinayi m'mawa anauza amayi ake kuti tsiku limenelo sakalowa m'kalasi. Ahedi anamutuma kukathandiza a Gervazio kukonza filimu yakale, yoti idzaonetsedwe Lamlungu pa chikondwerero cha zaka makumi awiri ndi zisanu za mishoni.

Amayi ake ankasankha mbewu ya kachewere pakhonde. Manja awo anaima.

"Atsikana m'kalasi mwanu mulipo angati?"

"Makumi atatu ndi mmodzi."

"Ndiye bwanji iwe?"

"Akuti ndimasoka bwino. Maso a agogo Gervazio achita ng'ala. Anachita kunditchula dzina kwa ahedi."

"Kukutchula dzina," amayi anabwereza. Anayang'ana kumpanda, kenako anamukokera pafupi.

"Tamvera, Elena. A Gervazio amenewa anakhala zaka makumi awiri ku Halale akuzungulitsa makina a bayisikopo. Anabwerako ndi sutikesi imodzi ndi pakamwa potseka. Ena amati ndi munthu wabwino. Ena amati chilichonse chimene amva chimakafika ku golosale ya Alufeo dzuwa lisanalowe. Ine sindidziwa, ndipo sindifuna kudziwira pa iwe. Akakupatsa ntchito, gwira. Akakufunsa za kwathu kuno, uwauze za kachewere. Ukaona munthu pa filimupo, usafunse dzina lake. Usatole kanthu, ngakhale kaulusi kogwa pansi. Zaka khumi ndi zitatu ndakhala ndikulima dimba lija, ndikumwetulira anthu amene sindifuna n'kuwaona komwe, kuti dzina lako lifike pa pepala la mayeso lili loyera. Kwatsala milungu itatu yokha. Wandimva?"

"Ndamva, amayi."

A Alufeo amene ankanenedwawo anali tcheyamani wa chipani m'dera lonselo. Pagulu amayi ankawagwadira monga aliyense. M'nyumba ankangoti Alufeo, ngati akutchula mwana.

2. Malo anayi

Kachipinda ka a Gervazio kanali kuseri kwa chigayo cha mishoni, chifukwa magetsi ankayaka pokhapokha injini ya chigayo ikamalira. Lero denga lake linagwa, ndipo mbuzi zimabisalamo mvula. Ukafunsa za makina aja amangoti anapita. Kumene anapita palibe akudziwa, monga zinthu zambiri za kwathu kuno.

A Gervazio anali nkhalamba yaitali, yovala jekete lakhaki lopanda mabatani. Patebulo panali mpukutu wa filimu waukulu ngati mbale, sizasi, lezala, kabotolo ka guluu, nthenga ya nkhuku, galasi lokulitsa zinthu, ndi envelopu.

"Wafika, mwana wa Nambewe? Samba m'manja. Filimu imadana ndi mafuta a zitumbuwa."

Elena anasamba, n'kukhala pa benchi.

"Filimu iyi anajambula wansembe wina wachizungu mu 1963, tsiku lotsegulira makalasi atsopano," a Gervazio anatero. "Mwini wake anabwerera kwawo n'kukafera komweko. Dzulo a Tcheyamani anaionera, ine ndikuyendetsa makina. Paliponse pamene anatsokomola ndinalowetsa kapepala mumpukutu. Anatsokomola kanayi. Atachoka ndinadontheza utoto m'mphepete, wofiira poyambira, woyera pothera. Kudontheza ndimatha. Kulumikiza ndiye maso akana."

Anamuonetsa kachitidwe kake pa kachidutswa kotha ntchito.

"Umadula pa dontho lofiira, n'kudulanso pa loyera. Chapakaticho n'cha mu envelopu. Nsonga ziwiri zotsalazo umazipala ndi lezala, pang'ono pokha. Umapaka guluu ndi nthenga. Umazisanjika kuti timabowo ta m'mbaliti tilingane. Kenako umapanikiza ndi chala, n'kunena Tikuoneni Maria kamodzi, osathamanga. Ukafika pa Amen, zagwirana."

Elena anayesa kawiri. Kachitatu a Gervazio anapapasa polumikizapo ndi chala, n'kugwedeza mutu.

"A Tcheyamani abwera 3 koloko kudzatenga zidutswazo. Zikhale zinayi, monga anatsokomolera. Akazitentha okha. Moto wa pamishoni pano saukhulupirira."

Anamuyang'ana ndi maso awo otuwa aja.

"Sunafunse kuti tikudula ndani."

"Ayi, agogo."

"Amayi ako anakulera bwino. Tapachika bulangete pawindopo. Ndiyese kaye makina tisanadule."

Panalibe chifukwa choyesera makina amene anayenda bwino dzulo lake. Elena anazindikira zimenezo, koma bulangete anapachika.

Pakhoma lopaka laimu panaoneka kuwala. Filimuyo inalibe mawu. Kunkangomveka phokoso la chigayo ndi kulira kwa makina. Ana osavala nsapato anafola pamzere. Mitengo ya mkungudza imene tsopano inkapitirira tchalitchi inali yofika m'chiuno. Pa nthambi ya pichesi panalendewera chitsulo cha gudumu la galimoto, belu lomwelo limene linkamuitana Elena m'mawa uliwonse.

Kenako panabwera mtsikana wosenza ndowa ya thobwa. Elena anamudziwira kayendedwe asanaone nkhope. Anali amayi ake, ochepa thupi, akuseka mpaka ndowa kupendama. Elena anali asanawaonepo akuseka choncho.

Mwamuna wa malaya oyera anathamangira kudzawatula ndowayo. Anaiika pansi, anatola kachitsulo ndi dzanja lamanzere, n'kuyamba kumenya belu. Mnyamata wina woonda, wa tsitsi lambiri, anadzamukoloweka mkono pakhosi. Wa malaya oyerayo anatembenuka n'kuyang'ana kwa wojambula, akuseka. Pakati pa mano ake akutsogolo panali mpata.

Lilime la Elena linapita lokha pa mpata wa mano ake. Dzanja lake lamanzere, limene aphunzitsi analikwapula zaka ziwiri n'kulephera kulisintha, linagwira benchi.

Munthuyo anatembenukanso, ndipo pakhoma panabwera Asisiteri ndi mbendera.

A Gervazio anazimitsa makina.

"Akuyenda bwino," anatero. "Chotsa bulangete."

3. Belu la masana

Malo onse anayi munthu wake anali mmodzi. Poyamba ankaoneka patali, akufoletsa ana. Pachiwiri ankanyamula desiki. Pachinayi ankangodutsa kumbuyo kwa ansembe. Elena anadula zitatuzi, analumikiza, ananena mapemphero ake atatu. Chachitatu, cha pa belu chija, anachisiyira kumapeto. Chinali chachitali, kuyambira kunsonga ya chala mpaka paphewa linalo.

Atangochidula, belu la tchalitchi linalira la masana. Chigayo chinazima. A Gervazio anatenga ndodo yawo.

"Ine ndikukadya kwa Abambo Mfumu. Ndimachedwa kutafuna, mano anatha. Iwe maliza, uike zonse mu envelopu."

Anatuluka, chitseko n'kuchisiya chosatseka bwino.

Elena anasuzumira panja. Amayi awiri ankapeta ufa pafupi ndi chigayo, misana ili kwa iye. Elena anaima pachitseko nthawi ndithu, kumvetsera ngati ndodo ija yapitadi kapena yaima kuseri kwa khoma. Inkamveka ikugogoda miyala, ikunka kutali.

Anabwerera patebulo. Anakweza chidutswa chija kuwindo, galasi lili padiso. Tizithunzi tinali tambiri, tosanjikana, kalikonse kochepa ngati chikhadabo cha kachala kakang'ono. Kunsonga yoyamba munthuyo anali atapereka msana. Kunsonga inayo anali atatembenukanso. Pakati penipeni pokha ndi pamene ankayang'ana kutsogolo. Panali kachithunzi kamodzi kamene maso ake anali otsegula bwino, ngati akufuna kufunsa kanthu.

Mawu a amayi ake anali asanazizire m'makutu. Usatole kanthu, ngakhale kaulusi.

Anaika chidutswacho mu envelopu. Anapukuta sizasi. Anatseka guluu. Anakhala pa benchi, manja ali pamiyendo.

Kenako anatsegulanso envelopu.

Sizasi inalira kawiri. Kachithunziko kanagwera pachikhatho pake, kopepuka ngati khoko la mtedza. Anasolola singano imene ankaibaya pakolala nthawi zonse, anamasula pang'ono mpendero wa diresi lake la sukulu, anakalowetsamo, n'kusokanso.

Tsopano patebulo panali zidutswa zisanu. A Tcheyamani anatsokomola kanayi.

Elena sanachedwe kuganiza. Anapala nsonga ziwiri zija, anapaka guluu, analinganiza timabowo, n'kupanikiza ndi chala. Pemphero analinena kawiri kuti zigwirane kwambiri. Pa zolumikiza zonse za tsiku limenelo, palibe chimene chinakongola ngati chimenechi.

A Gervazio atabwerako sanafunse kanthu. Anangonunkhiza m'mwamba kamodzi, n'kukhala pansi.

4. A Tcheyamani awerenga

Belu la njinga linamveka 3 koloko isanakwane. A Alufeo anali munthu wonenepa, wadazi, wosekaseka, baji ya chipani ikunyezimira pajekete. Sankakalipa. Ana ankawakonda chifukwa m'thumba mwawo simunkasowa maswiti. Akuluakulu akawaona ankayamba kukumbukira zonse zimene anayankhula mlungu umenewo.

"Madala, mwaswera bwanji ndi chisanu chimenechi? Mafupa akadali onse?"

"Alipo onse, a Tcheyamani, koma sakumvana."

A Alufeo anaseka, anakhala pamphepete pa tebulo, n'kukhuthula envelopu.

"Chimodzi. Ziwiri. Zitatu. Zinayi. Eya, ntchito ndi imeneyi."

Elena anapuma. Koma a Alufeo anatenga chachitali chija n'kuyamba kuchikoka pakati pa zala ziwiri, pang'onopang'ono, monga amayi amayesera nsalu pamsika wa Mayani. Sankachiyang'ana n'komwe. Ankafunsa za chigayo, za mtengo wa dizilo. Pakati penipeni chikhadabo chawo chinakodwa.

Analeka kuyankhula. Anabweza chala, chinakodwanso. Anasendeza chidutswacho kumphuno.

"Madala, tandithandizani nzeru. Ine sukulu ndinalekezera Sitandade 4. Chinthu chikupita pamoto, munthu n'kukhala pansi kuchilumikiza bwinobwino ndi guluu. Cholinga chake n'chiyani? Kuti moto usavutike?"

"Ndine, a Tcheyamani," a Gervazio anayankha msanga. "Sizasi inaterereka, chinaduka pawiri. Ndinaopa kuti mupeza zisanu n'kuyamba kundiganizira zina."

"Inu?" A Alufeo anaseka mpaka kupukuta misozi. "Inu amene Lamlungu munapatsa moni mtengo wa pichesi poyesa ndi Abambo Mfumu? Apa timabowo talingana ngati mano a chipeso. Diso langa silinapaone. Chapaona ndi chikhadabo."

Anatembenukira kwa Elena, nkhope ikadali yosekerera.

"Dzina lako ndani, mayi?"

"Elena Yeremiya."

"Yeremiya. Inde, inde. Munthu wabwino Yeremiya. Khadi la chipani amagula nthawi yake." Anapisa m'thumba n'kumuponyera switi. Elena anaiwakha isanagwe.

"Wamanzere," a Alufeo anatero. "Sitikhala nawo ambiri amanzere kuno. Mayeso ndi liti?"

"Kwatsala milungu itatu."

"Ndamva kuti ndiwe woyamba m'kalasi. Ahedi amandionetsa maina onse asanawatumize kuboma. Ndi mwambo chabe. Nthawi zina dzina la mwana limalembedwa molakwika, la bambo wina m'malo mwa la bambo wina, ndiye timathandizana kukonza."

Anapinda zidutswa zija mosamala, anazibwezera mu envelopu, n'kuiika m'thumba lamkati.

"Tsono tamvera, mayi. Tinthu ting'onoting'ono timagwa pansi, timamatirira ku zovala, mwana osadziwa. Si mlandu umenewo. Ku golosale kwanga kuli sikelo pakauntala. Kanthu kakapezeka pansi pa sikeloyo mawa belu la sukulu lisanalire, ine ndidzati yabweretsa ndi mphepo. Kakapanda kupezeka, ndidzayamba kufunsa. Ndipo ine ndikayamba kufunsa, amayankha ndi anthu ambiri, ngakhale amene sanalipo."

Pachitseko anacheuka.

"Idya switiyo. Si yaulere kwa aliyense."

5. Chenjezo la a Gervazio

A Gervazio anadikira mpaka injini ya chigayo italiranso. Pamenepo m'pamene anayankhula, pakamwa pali pafupi ndi khutu la Elena.

"Ku Halale ndinadula mafilimu zaka makumi awiri. Azungu ankatidulitsa chilichonse chimene ankati maso a munthu wakuda sayenera kuona. Anzanga ena ankabako tizidutswa kukaonetsa kukomboni. Amene ankadula kunsonga sanagwidwepo, chifukwa palibe bwana amene amawerenga tizithunzi mazana awiri. Ankagwidwa ndi aukhondo, ofuna kusiya zinthu zili bwinobwino. Luso lakolo ndi labwino pa nsalu ya paguwa. Pano lakuulula. Tsopano mvera ine. Mawa m'mamawa upite ku sikelo kuja. Nkhope imeneyo siidzakulembera mayeso. Siidzalimira amayi ako. Ine ndaona anthu akukwezedwa landirova chifukwa cha zinthu zochepa kuposa apa, chifukwa chokulungira nsomba m'nyuzipepala yolakwika, chifukwa choseka pamene ena sanaseke. Palibe mmodzi amene ndinamuona akutsikamo. Unaiona nkhopeyo, inayenda pamaso pako, inaseka. Isunge m'mutu. M'mutu a Tcheyamani sapisamo dzanja."

Anapumira m'mwamba.

"Nanga bwanji sunadule kunsonga, mwanawe?"

"Kunsonga kunali nkhongo yokha, agogo. Nkhope inali pakati."

Nkhalambayo inatembenukira kutebulo. Inayamba kukulunga filimu.

"Agogo, munanditchuliranji dzina kwa ahedi?"

"Umasoka bwino."

"Basi?"

"Pita kwanu. Guluu watseka?"

Elena anatuluka osadziwa ngati munthu ameneyu anamupatsa mphatso kapena anamutchera msampha. Switi ija anaiponya m'ngalande ya chigayo.

6. Kudimba

Amayi ake anawapeza kudimba, kumunsi kwa mudzi, akuthirira kabichi. Dzuwa linali litapendeka koma likadawala. Elena sanapereke moni. Anagwada pamzere, anamasula mpendero, n'kutambasula chikhatho.

Amayi anayang'ana kanthuko, anayang'ana mwana wawo. Anaika keni pansi.

"Ndinakuuza chiyani m'mawa?"

"Munati ndisatole kanthu."

Elena anadikira khofi. Silinabwere. Amayi anapukuta manja pachitenje, chala chimodzichimodzi, anatenga kachithunziko m'mbali mwake, n'kukakweza kudzuwa, diso limodzi atatsinzina.

Anakhala choncho nthawi yaitali. Madzi a m'keni anatayikira m'ngalande, iwo osaona.

"Anselmo," anatero pansipansi. Atangotero anacheukira ku bango, ngati bangolo lili ndi makutu. "Malaya amenewa ndinasita ndine. Khala la m'simbi linandigwera apa." Analoza kachipsera ka padzanja kamene Elena ankakaona moyo wake wonse osadziwa chiyambi chake.

Elena anafotokoza zonse, za guluu, za chikhadabo, za sikelo, za maina opita kuboma. Amayi ankamvetsera diso likadali pa kachithunziko. Mwadzidzidzi nkhope yawo inasintha.

"Iwe, waona kuti muli anthu angati umu?"

"Muli bambo."

"Yang'ananso."

Elena anasuzumira, kachithunziko kakadali m'zala za amayi ake. Pakhosi pa bambo ake panali mkono. Pambali pa tsaya lawo panali tsaya lina, la mnyamata woonda wa tsitsi lambiri uja, naye akuseka. Tsiku lonse anali asanamuyang'ane.

"Chotsa tsitsilo," amayi anatero. "Umuwonjezere mimba."

Elena anayang'anitsitsa nkhope ya mnyamatayo.

"Ndi a Tcheyamani?"

"Ndi Alufeo. Anali mboni pa ukwati wathu. Ankadyera mbale imodzi ndi bambo ako, njinga ankakwera imodzi. Ine ankanditi alamu. Landirova itabwera, anapita kuboma kukalumbira kuti Anselmo sankamudziwa, kuti sanapatsanepo ngakhale moni. Ndi lumbiro limenelo anapezera mpando. Chaka chino akufuna mpando wina waukulu, ndipo amene akuufunanso ndi ambiri. Iwe umayesa akutentha bambo ako? Bambo ako anathana nawo kalekale. Akutentha mkono wakewo. Zonse zili m'thumba mwake, kupatula aka."

"Ndiye ndikaike pansi pa sikelo?"

"Ukakaika, adziwa kuti takaona. Ukapanda kukaika, adziwa kuti tili nako." Amayi anakhala pansi pamzere, osasamala matope. "Komabe kukaika kuli bwinoko. Munthu amene wapeza chake mwina amagona, n'kuiwala za maina a ana. Ine zanga ndinatentha osakufunsa, unali wakhanda. Ndinasankha kuti ukule. Aka watola ndiwe, ndipo sindikulanda. Ukakasiya ku golosale, mwina ulemba mayeso ako. Ukakasunga, sindikulonjeza kanthu. Sekondale, dimba lino, ine ndemwe, sindikulonjeza."

Anamubwezera kachithunziko pachikhatho. Zala zawo zinachedwa kukasiya.

Elena anayang'ana kumtunda, kumene denga la malata la sukulu linkanyezimira. Anayang'ana pachikhatho. Anasolola singano pakolala.

Anakalowetsa mumpendero n'kuyamba kusoka ndi dzanja lake lamanzere. Ulendo uno sanakongoletse. Anasoka mokhotakhota, motalikitsa, ngati msoko wakale wotopa ndi kuchapa, ndipo atamaliza anapakapo dothi pang'ono.

Amayi anamuyang'ana mpaka anadula ulusi ndi mano. Sananene kuti wachita bwino. Sananenenso kuti walakwa.

Pamenepo kumtunda kunalira belu la njinga.

Mawa linali lisanafike. Pa zaka khumi ndi zitatu a Alufeo anali asanapondepo m'dimba limenelo, koma tsopano ankatsika kanjira ka pakati pa mizere akukankha njinga, paketi ya shuga itamangidwa kumbuyo. Analibe achinyamata a chipani owaperekeza. Pajekete, pamene masana panali baji, panangotsala timabowo tiwiri.

"Tenga keni," amayi ananong'ona osatembenuka. "Ukathirire mzere wa kumapeto uko. Chilichonse chimene umve, usadzutse mutu."

Elena anatola keni. Mpendero unkamukhudza pabondo pa sitepe iliyonse.

A Alufeo anaimika njinga pa bango, anavula chipewa, n'kuchigwira ndi manja awiri.

"Odi, alamu," anatero.